Mlandu wa Valavu Yanga Unafika kwa Ankhoswe

Abusa athu, mayi busa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata kumbuyoko amene mukuti mukuwerenga Baibulo pa foni, moni nonse m'dzina la Yesu. Aleluya! Ayi, imeneyo ndi Aleluya ya anthu ochokera ku shifiti. Tiyesenso. Aleluya! Eya, tsopano mwadzuka.

Ndikufuna kuchitira umboni. Abusa andinong'oneza kuti ndifupikitse, koma ndi abusa omwewa amene anandipempherera kuti mpweya ubwerere m'chifuwa muno. Wabwerera, ndiye angopirira.

Kwa alendo, ine ndine Lameki, ndimayendetsa basi. Ngati munakwerapo basi pa Morley kuno ku Perth, dalaivala wake wadazi akung'ung'udza nyimbo ya m'buku, ameneyo ndinali ine. Mayi ali ku kwaya uko akundiyang'ana ndi diso lakuti usandichititse manyazi, amenewo ndi akazi anga, mayi a Tadala. Ndi nesi. Mayi ali kutsogolo kuno apinda manja, amenewa ndi achemwali anga, bere limodzi, ine ndinawaponda pamutu. Nawonso ndi nesi. Ena mumadandaula kuti mukadwala mulibe wokuyang'anirani. Ine vuto langa linali lina, abale. Ine ondiyang'anira anachuluka.

Zaka zingapo zapitazo ndinapita kukayezetsa thupi, monga amatiyezera ife madalaivala kuti laisensi ipitirire. Ndinapita nditakonzeka kukalipiridwa za shuga ndi za mimbayi, monga mwa masiku onse. Koma dokotala atandiika choyezera chija pachifuwa, anamvetsera mwatcheru. Anasuntha, n'kumveranso. Kenako akuti, kodi mumatopa? Ine ndinati, adokotala, mu Perth muno alipo amene satopa? Koma zoona zake, masitepe a pa siteshoni ya sitima ndinkawakwera ndikupumira pakati, kumayerekeza kuti ndikuyankha foni. Nyimbo kuno ku tchalitchi ndinkayamba ndi anzanga, mzere usanathe ine ndatsikira panjira. Ndinkati ndi ukalamba basi.

Ananditumiza kwa dokotala wa mtima, mayi wina wodekha kwambiri. Anandiunika ndi makina, n'kundionetsa mtima wanga pa sikirini ukudumphadumpha. Anati mu mtima muli timakomo totsegula ndi kutseka, amati mavalavu. Imodzi mwa zangazo inali itatha, siinkatseka bwino, ndiye mtima ukapopa magazi, ena ankabwerera m'mbuyo. Mtima unkagwira ntchito ngati munthu wotunga madzi ndi ndowa yobooka.

Anati njira zilipo ziwiri. Yoyamba, amalowetsa kapaipi mu mtsempha wa pamwamba pa ntchafu apa, abusa musaope sindionetsa, kapaipiko n'kukwera mpaka ku mtima, n'kukapana valavuyo ndi kachitsulo konga kapegi koyanikira zovala. Masiku ochepa uli kunyumba, pachifuwa popanda chipsera. Yachiwiri ndi opaleshoni yeniyeni: kutsegula pachifuwa, n'kuisoka valavuyo ndi manja. Imeneyo ndi yowawa, ndipo chiwongolero umachiiwala kwa miyezi. Koma anati tikayang'ana zaka za kutsogolo, kwa valavu yowonongeka ngati yangayo, munthu thupi likadali ndi mphamvu, yosoka ndi imene imakonda kukhalitsa. Kapegi kamathandiza anthu ambiri, makamaka amene thupi lawo silingapirire mpeni, koma kwa ena kudontha kumadzabwereranso, ndipo kukonza kachiwiri kumavuta kuposa koyamba.

"Ndi shuga wanuyu, njira zonse ziwiri tingathe kukambirana," anatero dokotala uja. "Mukandifunsa ine, ndikupendekera ku opaleshoni. Koma mtima ndi wanu. Chachikulu musachedwe, chifukwa ukatanuka kwambiri subwereranso. Pitani mukakambirane ndi a pabanja panu."

Mukakambirane ndi a pabanja panu! Mayi uja sankadziwa chimene wayambitsa. Iye akati banja, amaona munthu ndi mkazi wake pa tebulo, tiyi ali apo, mphaka ali apo. Sankadziwa za ife.

Tsopano mvetserani bwino apa. Mayi a Tadala amagwira ntchito mu wodi ya anthu amene angochitidwa opaleshoni ya mtima. Achemwali anga, ku chipatala china, amagwira m'chipinda chimene amalowetsera timapaipi tija. Mwaona? Mwa ntchito zonse za pansi pa thambo, Mulungu anandiika pakati pa ziwiri zimenezi.

Nditafotokoza kunyumba kwathu ku Armadale, mayi a Tadala sanaphethire n'komwe. Anangoti, "Ang'ambe." Basi. Ngati tikukamba za nkhuku ya alendo.

Mawa lake achemwali anatulukira, yunifomu ili m'thupi, chikwama osaika pansi.

"Ndamva kuti muno mukukamba za mpeni. Mpeni pa mwana wa mayi anga, ine ndili moyo? Kapaipi kalipo, anthu akuyenda okha kupita kwawo!"

"Alamu, khalani pansi kaye," anatero mayi a Tadala. "Ifetu tikuyang'ana kutsogolo."

"Kutsogolo kwa ndani? Inu alamu munamupeza uyu ali ndi ndevu kale. Ine ndinamubereka kumsana uku."

"Munamubereka akadali wopepuka, alamu. Ine ndi amene ndamusenza zaka zonsezi ndi mimba yakeyi."

Musaseke, abale, ine ndinali pomwepo pa sofa, palibe anandifunsa ngakhale dzina. Ana obadwira kuno, mwina simukumvetsa. Kwathu kuja mwamuna ndi wa alongo ake. Mkazi amachita kubwereka, ndipo chobwereka sung'amba osauza eni ake. Koma kunonso ku Australia, a chipatala akafuna wachibale amayang'ana mkazi. Ndiye aliyense anali ndi lamulo kumbuyo kwake, ine ndekha ndi amene ndinalibe loya.

Nkhani inafika mu mpingo muno. Inu nomwe, musayang'ane pansi. Mpingo uno mukaponya mwala ugwera nesi. Munatsegula gulupu ya pa foni yokambirana za mtima wanga, mwini mtimane osandiikamo. Ndinachita kumva kwa mwana wanga Tadala, m'Chingerezi chake cha m'mphuno chija, kuti adadi mukudziwa kuti anthu akuvota? Panali a chipani cha kapaipi, panali a chipani cha mpeni. Lamulungu ndikafika pakhomo apo, mayi wina amandipatsa moni wa dzanja, dzanjalo osalisiya, maso ali pa wotchi, akuwerenga kugunda kwa mtima. Wina akuti, muli bwanji bambo, koma akuyang'ana akakolo anga ngati atupa. Pa mapemphero a pakati pa sabata wina anapemphera kuti, Ambuye, tsogolerani dzanja la wong'amba. Wina kumbali uku anayankha mokweza kuti, kapena la wolowetsa kapaipi, Ambuye!

Nanga ine? Mayi a Tadala akalankhula ndinkati, mwanenadi zoona. Achemwali akaimba foni ndinkati, mwanenadi zoona. A chipatala akaimba kufunsa kuti mwasankha chiyani, ndinkati tikadakambirana. Ndikasankha mpeni, ndiye kuti ndataya mlongo wanga, yekhayo amene ndili naye kuno kutali. Ndikasankha kapaipi, ndiye kuti ndauza mkazi wanga kuti m'nyumba mwake mumalamula wina. Ndinkaopa, abale. Ndinkaopa mpeni, ndinkaopa kapegi, ndinkaopa kufa. Koma kuposa zonse ndinkaopa amayi awiriwa.

Miyezi inapita tikukambirana. Ku ntchito anandiimitsa kaye kuyendetsa basi. Nsapato zinayamba kundithina. Kugona ndinkachita kusanjikiza mapilo ngati mfumu, chifukwa ndikagona chagada ndinkabanika. Mtima sunkadikira kuti tigwirizane, unkapitiriza kudontha.

Ndiye ndinaganiza ngati munthu woleredwa bwino. Ndinati, kwathu nkhani ikakanika m'nyumba timaitana ndani? Ankhoswe. Ankhoswe athu enieni ali ku Dowa, ndiye ndinaimbira a Mbewe, mkulu wa mpingo ali apoyu, amene amaimirira unkhoswe wa theka la mabanja muno. A Mbewe ndi munthu wophunzira kwambiri, chifikireni kuno ali pa yunivesite ku Bentley. Kungoti maphunziro awo ndi a za nthaka.

Anabwera Loweruka masana, suti yakuda, Baibulo kukhwapa, nkhope ya milandu. Tinakhala pabalaza. Anapemphera, anakhosomola, n'kuyamba monga amayambira nthawi zonse.

"Tauzeni bambo, m'nyumba muno muli kumenyana?"

"Ayi."

"Pali munthu wachitatu?"

"Ayi, a Mbewe. Pali valavu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati milandu ya mavalavu amaweruza sabata iliyonse. Anapatsa mpata mayi a Tadala. Iwo anati, ine mu wodi mwanga ndasamalapo anthu amene anayamba ndi kapegi, patapita nthawi n'kubwera kudzang'ambidwa ndithu, atafooka kale. Anapatsa mpata achemwali. Iwo anati, ine anthu anga amadzuka n'kupempha tiyi, mawa lake akutsanzika, pamene a alamuwa amakhala ali gone, mapaipi mbali zonse, akutsokomola atakumbatira pilo ngati mwana wakhanda.

A Mbewe anatseka maso nthawi yaitali. Kenako anapereka chigamulo.

"Amayi, m'banja mulibe wopambana, mulibe wogonja. Aliyense asiyeko pang'ono. Ine ndikuona kuti adokotala ang'ambe theka lokha, theka linalo alowetse kapaipi. Potero aliyense walemekezedwa."

 Kenako, abale, kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhaniyi, mkazi wanga ndi mlongo wanga anagwirizana chimodzi. Onse awiri anatembenukira a Mbewe. Uyu akuti mukuyesa ndi munda umenewu woti tigawane mizere? Uyu akuti munamvapo kuti zimenezo? A Mbewe anakweza Baibulo kufika pachifuwa ngati chishango.

Ine ndinati ndipulumutse mlendo, ndikamutengere chakumwa. Ndinalowa kukhitchini, n'kuwerama kuti nditsegule firiji. Kuweramuka kunakanika. Maso anachita mdima, miyendo inandithawa, ndinangopezeka ndakhala pansi, msana ku kabati. Mpweya ndikuukoka koma sukulowa. Ndikufuna kuitana, mawu palibe. Ndipo ndikumva bwinobwino pabalaza akukangana za mmene ndidzakhalire ndikadzakalamba, pamene ine pansi apo ndikulephera kumaliza mphindi imene ndili nayo. Ndinati mumtima, Yesu, kodi ndifera pafupi ndi firiji, manesi awiri ali chipinda chinacho?

Mukudziwa amene Mulungu anatuma? A Mbewe omwewo. Anathawira kukhitchini kuti akapume, n'kundipeza. Anakuwa kuti, "Amayi, mwini mlandu wagwa!"

Zimene ndinaona pamenepo sindidzaiwala. Amayi awiri aja anafika ngati munthu mmodzi. Wina wandikhazika tsonga, wina wamasula kolala. Wina akuwerenga kugunda, wina akuitana ambulansi. Palibe alamu, palibe mwana wa mayi anga, ntchito yokhayokha. Ndinati, kani anthuwa amatha kumvana, amangofuna ndiyambe ndagwa.

Ku chipatala anandipatsa mankhwala ochotsa madzi amene anadzaza m'mapapo. Dokotala wanga uja atabwera, ananena mosapsatira kuti nthawi yokambirana yatha, mtima wayamba kutopa. Amayi awiriwa anayamba kumufotokozera aliyense mbali yake. Iye anamvetsera, kenako anati, nonse mukunena zimene munaona, koma aliyense amaona okhawo amene amafika pakhomo pake. Inu a ku wodi simuona anthu ambiri amene kapegi kanawagwira bwino, chifukwa amenewo sabwera kwa inu. Inunso a kapaipi mumawaona akutuluka akumwetulira, koma amene kudontha kwawabwerera sabwerera kwa inu.

Dokotala atatuluka, ine ndinatseka maso. Ndinali wotopa, komanso ndinaona kuti munthu wogona safunsidwa mafunso. Awiriwa anakhala m'mbali mwa bedi. Kenako ndinamva mayi a Tadala akulankhula motsitsa.

"Alamu, inu ntchitoyi mumaidziwa kuposa ine. Mukudziwa kuti kwa munthu ngati uyu kusoka ndi kumene kungamufikitse patali. Chikukuvutani n'chiyani?"

 Kenako ndinamva achemwali akulira. Abale, ine chibadwire ndinali ndisanamvepo mayi awa akulira. Awa ndi oliritsa ena.

Achemwali, mwandilola kuti ndinene, eti? Mwandilola. Mayi athu anamwalira kalekale kumudzi, pa opaleshoni ya m'mimba. Ine nthawi imeneyo ndinali kutali ku sukulu, ndinangolandira uthenga. Chimene sindinkadziwa n'chakuti amene anakankha nawo bedi mpaka pa chitseko cha ku fiyeta anali achemwali, ali mtsikana, angoyamba kumene sukulu ya unesi. Ndi iwo amene anawalimbikitsa mayi kuti avomere. Mayi pa chitseko paja anawauza kuti, undidikire pompano, ndikubwera. Anadikira pa benchi. Chitseko chinatseguka, koma mayi sanatuluke.

"Ndinaperekeza mmodzi, alamu," anatero achemwali. "Sindingathe kuperekezanso wina pa chitseko chimene chija. Tatsala awiri basi."

Mayi a Tadala nawonso anayamba kulira. Anati, "Alamu, inenso ndikuopa. Ndikuopa kuti tikazemba lero, tidzamubweretsa pa chitseko chomwecho mphamvu zitamuthera. Ine bamboyu ndikumufuna atakalamba. Ndikumufuna wopanda mano, wovuta, woiwala kumene waika magalasi. Ndikumufuna nthawi yaitali."

Misozi inanditsikira m'makutu ndili chigonere. Miyezi yonse ija ndinkaganiza kuti akulimbirana ulamuliro. Ayi ndithu. Onse awiri ankaopa kundiika m'manda, wina ankaopa mawa, wina ankaopa zaka za kutsogolo. Ndinatsegula maso n'kunena kuti, "Ang'ambe."

Achemwali anapukuta misozi msangamsanga. "Iwe Lameki, unali maso nthawi yonseyi? Mwana wopanda mwambo!" Munthu wadazi, wa zidzukulu, mwana wopanda mwambo.

Tsiku la opaleshoni a chipatala anatiuza kuti wondiperekeza mpaka pa chitseko akhale mmodzi, ndipo ndikadzuka wolowa koyamba akhalenso mmodzi. Ndinati, kwayambikanso, aitaneni a Mbewe. Koma mayi a Tadala anagwira dzanja la achemwali n'kunena kuti, "Alamu, kuperekeza munaperekeza kale, kwakwana. Lero ndiperekeza ine. Inu mukhale woyamba kumulandira."

Amayi, inu mukudziwa kuti malo amenewo ndi a mkazi wa munthu. Anawapereka.

Ndiye nditatsegula maso, sindikudziwa kuti ndili kuti, pakamwa pouma, pachifuwa ngati pagona thumba la simenti, nkhope yoyamba kuiona inali ya achemwali. Ndinayamba ndadabwa kuti kodi kumwamba nakonso andilondola? Anandigwira kumaso ndi manja onse awiri, akungoti, "Wabwerako. Iwe, wabwerako. Wabwerako." Kenako unesi unawabwerera, anandikankhira pilo pachifuwa n'kunena kuti, "Tsokomola."

Za masabata otsatira sindikunamizani, zinali zowawa. Tsiku limene ndinayetsemula koyamba ndinaitana angelo onse ndi maina awo. Ndipo chipani cha mpeni ndi chipani cha kapaipi zinapanga boma limodzi, wotsutsa ndinatsala ndekha. Wina akundiyendetsa m'mawa, wina madzulo. Mchere unasowa m'nyumba ngati wabedwa. Ndikadandaula kwa mkazi wanga akuti kafunseni achemwali anu, ndikadandaula kwa achemwali akuti mvera akazi ako. Koma tsiku lina ndinakwera masitepe a pa siteshoni paja mpaka pamwamba, n'kuzindikira kuti foni sindinaitulutse m'thumba. Ndinaima pamenepo n'kulira ngati mwana, azungu akundilambalala.

Musatuluke muno n'kumakauza anthu kuti a Lameki ati kapaipi n'kosathandiza, ayi. Muno muli mayi achikulire amene thupi lawo silikanapirira mpeni, anawaika kapegi, ndipo mpaka lero pa nthawi ya chopereka amavina kutiposa tonse. Aliyense ndi mtima wake, aliyense ndi dokotala wake. Langa ndi lakuti, adokotala akati musachedwe, musachedwe. Ankhoswe ndi abwino, koma a Mbewe, pepani, nkhani zina si za nthaka.

Chimene ndaimirira pano ndi ichi. Chichitikireni opaleshoni ija papita zaka, ndipo chaka chilichonse amandiunika, ine mtima uli m'mwamba kuti kaya apeza chiyani. Sabata yathayi ndinapitanso. Dokotala uja anayang'ana pa sikirini nthawi yaitali, n'kutembenuka akumwetulira. Anati valavu ikutseka bwinobwino, mtima sunapitirire kukula, ukupopa mwamphamvu, tidzaonane chaka chamawa. Basi ndikuyendetsa. Nyimbo ndikumaliza.

Zikomo Yehova, amene munandiona pansi pafupi ndi firiji. Zikomo chifukwa cha manja a madokotala. Zikomo abusa, zikomo mpingo wonse, a zipani zonse ziwiri.

Mayi a Tadala, munapempha nkhalamba yovuta. Mulungu wamva pemphero lanu. Mano ayamba kale kuchoka, magalasi sindikudziwa kumene ali, ndipo kuvuta ndiye ndangoyamba kumene.

Achemwali. Ndiyang'aneni, achemwali, musabise nkhope. Munadikira pa benchi tsiku lija, amene munkawadikira sanatuluke. Ulendo uno munadikiranso, ndipo chitseko chinakubwezerani munthu wanu. Ndine pano. Tikadali awiri.

Tsopano mpingo wonse imirirani mundithandize kukondwa, chifukwa ndekha sindingakwanitse. Amayi, nthungululu zimveke mpaka pa msewu! A kwaya, ng'oma ilire! Nyimboyi ndiyambitsa ndine, ndipo amene atope poyamba asakhale ine. Aleluya!